Ng'ombe yogunda ndi galimoto yopanda mabuleki

Aliyense amene amayenda pa msewu wochokera ku Liwonde, kudzera pa boma la Mangochi mpaka ku Monkey Bay, amadziwa mmene maminibasi, malole a nsomba ndi njinga zakabaza zimapanikizanirana. Ngozi zambiri pa msewuwu zimakhala zazing'ono: nyali yasweka, chitseko chapindika, palibe wavulala. Koma mkangano umene umabuka pambuyo pake umakula kuposa ngoziyo. Funso limakhala limodzi: alipire ndani kugaraja?

Lamulo la pamsewu la mu 1997 limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawapweteke. Inshuwalansi yotereyi sikonzetsa galimoto ya mwini wake, ndipo makampani amafuna lipoti la apolisi asanalipire. N'chifukwa chake ambiri amakonda kumvana pamsewu pomwepo. Apa m'pamene mtima wa munthu umaonekera. Wolakwa amalonjeza kulipira, mawa lake foni yazima. Wogundidwa naye amapangana ndi makaniko kuti akweze mtengo, kuti akonzetse ndi zimene zinawonongeka kalekale.

Nkhaniyi si yachilendo kwa Mulungu. Pa Eksodo 21:35-36 chilamulo cha Mose chikunena za ng'ombe imene yagunda inzake n'kuipha. Ngati zangochitika mwadzidzidzi, eni ake awiriwo agulitse yamoyoyo, agawane ndalama, agawanenso yakufayo. Koma ngati mwini wake ankadziwa kuti ng'ombe yake imagunda ndipo sanaitsekere, alipire ng'ombe yathunthu.

Taonani chilungamo chimenechi. Pamene palibe amene wachita mphwayi, onse awiri asenze katunduyo, osati wosauka yekha chifukwa alibe womuyankhulira. Koma dalaivala amene ankadziwa kuti mabuleki ake sagwira, matayala ake anatha, kapena amene anali pafoni, ng'ombe yake inali yodziwika kale kuti imagunda. Ameneyo asanamizire Satana kapena tsoka. Alipire zonse, mosanyinyirika.

Wogundidwa nayenso ali ndi chenjezo lake. Miyambo 11:1 ikutiuza kuti Yehova amanyansidwa ndi sikelo yachinyengo. Lisiti lokwezedwa mtengo ndi sikelo yomweyo. Ndipo ngati wakugundani ndi mnyamata wakabaza amene njinga yake ndi yobwereka, kumbukirani wantchito wa pa Mateyu 18 amene anakhululukidwa ngongole yaikulu, iye n'kukanyonga mnzake pa ngongole yochepa. Kumulola kulipira pang'onopang'ono, kapena kumuchotserako gawo, si kupusa ayi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pa Mateyu 5:25 Ambuye Yesu akutilangiza kugwirizana msanga ndi wotiimba mlandu tikadali panjira. Choncho pitirani limodzi kugaraja, mumve mtengo nonse awiri, mulembe zimene mwagwirizana pamaso pa mboni. Ngati pali wovulala, kapena kumvana kwakanika, apolisi adziwe.

Ku Mangochi Akhristu ndi Asilamu timayenda msewu umodzi. Amene mwamugunda mwina sadzalowako m'tchalitchi mwanu, koma adzawerenga mawu a m'Baibulo amene munamata pagalasi la galimoto yanu, n'kuwayerekeza ndi mmene mwasungira lonjezo lanu. Mlandu suwola, ngati pali wina amene akudikirabe ndalama yake, muimbireni foni musanapite kukapereka chopereka Lamulungu likubwerali.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani pa maulendo anu onse.