Chigamba cha Mtsempha Waukulu Chikaboola Matumbo

Mtsempha waukulu koposa m'thupi la munthu umatchedwa aorta. Umachokera mu mtima, nutsikira cha kumsana mpaka m'mimba, kumene umagaŵikana paŵiri kupita ku miyendo. Munthu akamakalamba, makamaka ngati amasuta fodya, khoma la mtsemphawu likhoza kufooka ndi kufufuma ngati chubu cha njinga. Likaphulika, ambiri safika n'kuchipatala komwe. Nthenda imeneyi ndiyo inapha Albert Einstein mu 1955.

Mu 1951 dokotala wa ku Paris, Charles Dubost, anadula mbali yofufumayo mwa wodwala wina, nalumikizapo mtsempha wa munthu womwalira. Patapita zaka zochepa, Michael DeBakey wa ku Houston anayamba kusokererapo paipi ya nsalu yotchedwa Dacron, ndipo anthu ochuluka apulumuka nayo.

Koma walira mvula walira matope. Chiyambi cha matumbo aang'ono chimadutsa pamwamba penipeni pa aorta. Mwa odwala oŵerengeka, paipi ija imakhuza matumbowo nthaŵi iliyonse mtima ukagunda, kapena tizilombo timaloŵa m'nsaluyo, kufikira pamabooka ndipo magazi amatayikira m'matumbo. Izi zimachitika patapita miyezi kapena zaka, mwiniwake ataiŵala kale za opareshoni.

Kaŵirikaŵiri ngoziyi imayamba yachenjeza. Munthu amasanza magazi pang'ono, kapena amachita chimbudzi chakuda bii ngati phula, kenaka zimaleka zokha. Patapita maola kapena masiku, magazi amabwera ngati mtsinje wosefukira.

Mankhwala akumwa sangatseke chibowo chotere. Madokotala amachotsa paipi yoipitsidwayo, nasoka matumbo. Tsono magazi apita bwanji ku miyendo? Njira ina ndiyo kutseka aorta pamene yadulidwa, ndi kuyala paipi yatsopano kunsi kwa khungu kuchokera ku mtsempha wa kukhwapa mpaka m'mphechepeche. Ina, imene Patrick Clagett wa ku Dallas anaifotokoza mu 1993, ndiyo kupanga aorta yatsopano ndi mitsempha yochotsedwa m'ntchafu za wodwala yemweyo. Onseŵa ndi maopareshoni oopsa, koma popanda iwo wodwalayo sakhala ndi moyo.

Chotero aŵerengi, aliyense amene anaikidwa chigamba pa aorta akaona magazi otere, angakhale ochepa, asadikire kuche. Athamangire kuchipatala, ndipo asanafunsidwe n'komwe anene za opareshoni yake yakale.