Kuiwala kwa Okalamba Ndi Matenda, Si Ufiti

Agogo akayamba kuiwala mayina a adzukulu kapena kusochera pamudzi pawo pomwe, ena amathamangira kuwanamizira ufiti. Kawirikawiri gwero lake ndi matenda a ubongo, monga Alzheimer kapena sitiroko.

Kuchipatala, dokotala amawafunsa tsiku ndi malo amene ali, n'kuwatchulira mawu angapo oti awakumbukire pakapita mphindi zochepa. Amamvanso kwa achibale ndi kuyeza magazi, pakuti matenda ena ochizika amachititsanso kuiwala. Ofunika thandizo lapadera amatumizidwa kuchipatala cha matenda a m'maganizo ku Zomba kapena ku St John of God ku Mzuzu.

Kunyumba, asamakalipiridwe kapena kusiyidwa okha pamoto, ndipo wachibale mmodzi aziyang'anira mankhwala awo. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu malinga ndi lamulo la 1911.