Moto Wosaotcha Wothandiza Zilonda za Odwala Mwakayakaya

Aliyense amene adadwazikapo matenda kwa nthawi yaitali akudziwa kuti nthenda siibwera yokha. Munthu amagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chibayo, sitiroko kapena ngozi ya pamsewu, koma pakapita masiku angapo odwazika amadzidzimuka poona chilonda kumunsi kwa msana kapena pachidendene, chimene panalibe tsiku limene wodwalayo adafika. Nthawi zina nthenda yoyamba ija imatha, koma chilondacho n'kutsala chikumudya munthu kwa miyezi yambiri. Chikalowetsa tizilombo m'magazi, chikhoza kutenga moyo umene madokotala adauvutikira usana ndi usiku. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo akhala akufunafuna njira zatsopano zopoletsera zilonda zotere. Imodzi mwa njirazo ndi imene amaitcha plasma wozizira.

Mmene zilondazi zimayambira

Munthu wabwinobwino amatembenuka kambirimbiri usiku iye osadziwa. Wodwala mwakayakaya sangathe kutero. Thupi lake lonse limalemerera pa malo ochepa amene fupa lili pafupi ndi khungu, monga kumunsi kwa msana, m'chiuno, zidendene, zigongono ndi kunkhongo. Timitsempha ta magazi ta pamalowo timapanikizika, magazi amaleka kufikapo, ndipo mnofu umayamba kufa. Izi zikhoza kuyambika m'maola ochepa chabe. Thukuta, mkodzo, kuchepa kwa chakudya m'thupi ndiponso mankhwala ena okweza kuthamanga kwa magazi zimawonjezera vutoli. Ngakhale timapaipi ta mpweya tikhoza kutupula mphuno, milomo ndi makutu. Pa nthawi ya mliri wa COVID-19, odwala ambiri ankagonekedwa chafufumimba kwa maola ambiri kuti mapapo agwire bwino ntchito, ndipo ena adatuluka zilonda kumaso ndi pachifuwa.

Vutoli silisankha dziko lolemera kapena losauka. Pa 15 Meyi 2018 padachitika kalembera wa odwala 13,254 m'zipinda 1,117 za odwala mwakayakaya m'maiko 90. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2021, zidaonetsa kuti odwala pafupifupi 27 mwa 100 alionse adali ndi zilonda za mtunduwu, ndipo 16 mwa 100 alionse adazitengera m'chipinda momwemo. Zilonda zambiri zidali kumunsi kwa msana ndi kuzidendene.

Chinanso chodetsa nkhawa n'chakuti mabakiteriya ambiri adayamba kupima mankhwala. Kafukufuku wamkulu amene adatuluka mu 2022 adaonetsa kuti m'chaka cha 2019 chokha, anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa a kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo adakhudzidwa koposa poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu ake. Chilonda chikagwidwa ndi tizilombo totere, dokotala amatsala ndi zida zochepa.

Kodi plasma ndi chiyani?

Ambiri tikamva mawu akuti plasma timaganiza za wailesi yakanema yopyapyala ija, ndipo ena amakumbukira madzi achikasu a m'magazi. Plasma amene tikunena pano sachokera m'magazi ayi. Taganizirani za madzi. Akazizira kwambiri amaundana, akafunda amasungunuka, ndipo akawira amasanduka nthunzi. Tsono mpweya ukapatsidwa mphamvu yoposa pamenepo, tizigawo take ting'onoting'ono timagawikana, ndipo mpweyawo umayamba kuwala ndi kudutsitsa magetsi. Ameneyo ndiye plasma. Dzuwa ndi plasma, mphezi ndi plasma, ndipo kuwala kwa machubu aatali a magetsi aja kumayambira pa plasma. Amene adapereka dzinali ndi katswiri wa ku America, Irving Langmuir, m'chaka cha 1928.

Plasma wa dzuwa ndi wa mphezi ndi wotentha koopsa. Luso lagona pa kupanga plasma amene kutentha kwake sikupitirira madigiri 40, kungoposa pang'ono kutentha kwa thupi la munthu. Zipangizo zina zimaoneka ngati cholembera chachikulu. M'kati mwake mumadutsa mpweya wotchedwa argon, magetsi amaudzutsa, ndipo kunsonga kumatuluka kalawi kakang'ono kobiriwira ngati thambo, kamene munthu akhoza kukakhudza ndi chala osapsa. Zipangizo zina zimakhala ngati kathabwa kofewa kamene amakagoneka pachilonda, ndipo zimagwiritsa ntchito mpweya wamba umene timapumawu.

Mmene amathandizira chilonda

Plasma akakumana ndi mpweya ndiponso chinyezi cha pachilonda, pamapangika timankhwala tosakhalitsa, monga hydrogen peroxide, ozone ndi nitric oxide. Timankhwala timeneti si tachilendo m'thupi, pakuti asilikali a m'magazi athu amapanganso tina totere pomenyana ndi matenda. Timaboola khungu la mabakiteriya ndi kuwaononga m'njira zingapo nthawi imodzi, kotero kuti ngakhale mabakiteriya osamva mankhwala, monga otchedwa MRSA, amafa. Maselo a munthu ali ndi zodzitetezera zoposa za mabakiteriya, choncho amapirira ngati muyeso uli woyenera. Akatswiri adaonanso kuti magazi amayenda bwino m'timitsempha ta pakhungu pamene padutsa plasma, ndipo zimenezi zimathandiza kuti mnofu watsopano umere.

Namwino amayamba watsuka chilonda ndi kuchotsa mnofu wakufa. Kenaka amayendetsa kalawi kaja pang'onopang'ono pamwamba pa chilondacho kwa mphindi zochepa, n'kumangapo bandeji monga mwa masiku onse. Odwala ambiri amangomva kufunda kapena kunyerenyesa pang'ono. Kwa wodwala mwakayakaya ubwino wake ndi wakuti chipangizo chimabwera pambali pa bedi, ndipo palibe mankhwala olowa m'magazi olemetsa impso ndi chiwindi zimene zatopa kale.

Zimene kafukufuku waonetsa

Ntchito yaikulu pa nkhaniyi idachitikira ku Germany. Mu 2010, madokotala a mumzinda wa Munich adalengeza zimene adapeza pa odwala 36 amene adali ndi zilonda zamgonagona. Zilonda zimene zinkalandira plasma kwa mphindi 5 tsiku lililonse, kuwonjezera pa chisamaliro chanthawi zonse, zidapezeka ndi mabakiteriya ocheperapo ndi magawo 34 pa 100. Mu 2013, zipangizo ziwiri, kINPen MED chochokera ku Greifswald ndi PlasmaDerm chochokera ku Duderstadt, zidavomerezedwa kugwiritsidwa ntchito pa odwala ku Ulaya. Mu 2020, kafukufuku wotsogozedwa ndi chipatala cha ku Bad Oeynhausen pa odwala matenda a shuga oposa 40 a zilonda za kumapazi adaonetsa kuti zilonda zolandira plasma ka 8 m'masiku 14 zinkachepa msanga kuposa zinzake. Chodabwitsa n'chakuti kuchuluka kwa mabakiteriya sikudasiyane kwenikweni m'magulu awiriwo, zimene zikusonyeza kuti plasma amadzutsa thupi lenilenilo kuti lidzipoletse. Mu 2022, mabungwe a madokotala a ku Germany adatulutsa malangizo a kagwiritsidwe ntchito kake.

Kunena za odwala mwakayakaya, umboni udakali wochepa. Mu 2022 madokotala a ku Vietnam adalemba za odwala kwambiri a COVID-19 amene zilonda zawo zidapita bwino atathandizidwa ndi plasma, koma odwalawo adali owerengeka. Tsono tisathamange kunena kuti mankhwala a chilonda chilichonse apezeka. Plasma salowa mozama m'mnofu. Sangachiritse fupa limene lagwidwa ndi tizilombo, sangalowe m'malo mwa opareshoni, ndipo tizilombo tikafika m'magazi wodwala amafunikabe mankhwala opha mabakiteriya. Zipangizo zake n'zokwera mtengo ndipo zimafuna magetsi odalirika ndi anthu ophunzitsidwa. Tichenjerenso ndi tizipangizo tokongoletsera khungu timene timagulitsidwa ndi dzina lomweli la plasma. Timeneto timaotcha khungu mwadala, ndipo sitiyenera kuyandikira chilonda.

Chimene chili m'manja mwathu

Pali mfundo imodzi imene akatswiri onse amagwirizanapo: chilonda chogonera sichingapole ngati wodwala akupitiriza kuchigonera, ngakhale atabweretsa chipangizo chodula chotani. Apa ndi pamene ife odwazika matenda, kaya kuchipatala kaya kumudzi, tili ndi gawo lalikulu.

Wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha atembenuzidwe pafupifupi maola 2 alionse, usiku womwe, pokhapokha ngati dokotala walamula zina. Pomusuntha, anthu awiri amunyamule ndi nsalu, osati kumukhwekhwereza pamphasa. Mtsamiro kapena chitenje chopindidwa chiikidwe pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere, ndiponso china pakati pa mawondo. Zogonera zikhale zouma, zopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Wodwala adye zomanga thupi monga nyemba, mtedza, mazira, usipa ndi phala la soya, ndipo amwe madzi okwanira.

Paja akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Khungu liyang'anidwe tsiku ndi tsiku pomusambitsa. Pa khungu lakuda ngati lathuli kufiira sikuoneka msanga, choncho tiyang'ane malo amene ada kwambiri kuposa pozungulira, ofunda, olimba, otupa kapena opweteka. Malo otere tisawasisite mwamphamvu, ndipo pachilonda tisathirepo phulusa, dothi kapena ufa wa makapisozi. Chilonda chikayamba kununkha, kutuluka mafinya kapena kuda, kapenanso wodwala akatentha thupi, tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Kutembenuza munthu wamkulu usana ndi usiku kwa milungu yambiri ndi ntchito yofoola, ndipo kawirikawiri imagwera mayi mmodzi amene naye sagona tulo. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a chigwirizano, achinyamata ndi akulu a mpingo tikamapita kukazonda odwala, tisamangosiya ufa ndi nkhuni n'kutsanzika. Tifunse ngati wodwala watembenuzidwa, tigwire mbali ina ya nsalu, tichape zogonera, ndipo tigawane masiku ogona pa matendawo kuti wodwazika naye apumuleko.