Ntchito Iliyonse ndi Nthawi Yake

M'mabanja mwathu muli aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki amene dzuwa limawalowera ntchito ikali m'manja, nafika kunyumba ana atagona kale. Anthu oterewa si aulesi ayi. Chimene chiwasowa ndicho malire a nthawi.

Cha m'ma 529, Benedict Woyera anamanga nyumba ya amonke pa phiri la Monte Cassino ku Italy, nawalembera Lamulo logawa tsiku. Kuyambira pa Pasaka kufikira pa 1 Okutobala, amonkewo ankagwira ntchito ya manja kuyambira m'mamawa kufikira cha m'ma 10 koloko, nawerenga mpaka dzuwa lili pamutu. Atatha kudya ankapumula mwakachetechete, ndipo atapemphera ankabwerera ku ntchito kufikira madzulo. Chizindikiro cha pemphero chikamveka, yense ankasiya pomwepo chimene chinali m'manja mwake. Odwala ndi ofooka ankapatsidwa ntchito yolingana ndi mphamvu zawo.

Taonani nzeru yake: ntchito yopanda malire imadya nthawi ya inzake. Tsono inu, usiku musanagone, sankhani ntchito imodzi yaikulu ya mawa, muiyambe mutu ukali wopepuka, pakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Makalata ndi lamya muziikire ola lake, zingakudukizeni tsiku lonse. Ndipo nthawi yoweruka ikakwana, werukani ndithu. Ntchito mudzaipeza mawa, koma ana anu sadzakhalanso ana kawiri, ndipo nthawi ya nsima yamadzulo ndi yawo.