ULONDA NDI MALONDA A KUKHULUPIRIKA

Lero tikambe za ntchito ya ulonda mumzinda wa Lilongwe. Nkhaniyi ikukhudzani, pakuti alimi ena akagulitsa fodya kapena soya amalingalira zoyamba kakampani ka alonda, ndiponso anyamata ambiri olembedwa ntchitoyi ndi ana anu ochokera m'midzi.

Ulonda si chinthu chachilendo kwa ife. Makolo athu ankamanga chilindo m'munda kuti apirikitse anyani usana ndi nguluwe usiku. Chasintha ndi ichi: mlonda wa lero alinda katundu wa mwini, nalandira malipiro pa mwezi. Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe, anthu achuluka ndithu ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi kwa Mgona. Makampani aakulu monga G4S alipo, koma mwini chigayo, mwini golosale, kapena munthu amene waunjika simenti ndi malata pamalo omanga nyumba, kawirikawiri sangathe mtengo wao. Mpata wa kakampani kakang'ono uli pamenepo.

Yambani mwawerengera

Walira mvula walira matope. Sabata imodzi ili ndi maola 168. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 linaika maola 48 pa sabata kwa wantchito mmodzi, ndipo maola opitirira apo ali ndi malipiro ake apadera. Tsono kulonda chipata chimodzi usana ndi usiku kufuna anthu anayi. Kulonda usiku wokha, maola 12 tsiku lililonse, ndi maola 84 pa sabata, ndiye kuti anthu awiri. Amene aika munthu mmodzi pachipata mwezi wathunthu osapuma, walemba munthu wodzagona pantchito.

Boma limalengeza malipiro ochepetsetsa amene wantchito ayenera kulandira. Kafunseni ku ofesi ya za ntchito musanatchule mtengo kwa mwini golosale. Onjezaninso penshoni: bwana amaika 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito naika 5. Kenaka werengani zipangizo: yunifomu, jombo, chikhoti cha kuzizira kwa Juni ndi Julayi, tochi, wenzulo, chibonga, foni ya m'manja ndi buku lolembamo olowa ndi otuluka.

Dziwaninso kuti eni katundu ena amachedwa kulipira, pamene mlonda ali ndi lendi ndi ana ofuna nsima. Musayambe mulibe ndalama zapadera zokwana malipiro a miyezi iwiri kapena itatu. Mlonda wanjala ndiye amamvera mbala zikamunong'oneza. Yambani ndi zipata ziwiri kapena zitatu zoyandikana, zimene inu mwini mungaziyendere panjinga pakati pa usiku. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Za makalata

Lembetsani dzina la bizinesi yanu ku boma, mutenge nambala ya msonkho ku Malawi Revenue Authority, ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda za chiphaso cha malonda. Kadzionetseni ku polisi ya dera lanu, kaya ku Kawale kaya ku Kanengo, kuti akudziweni. Pangano lanu ndi mwini katundu lilembedwe papepala: maola olondera, mtengo, tsiku lolipira, ndi amene adzabweza katundu akasowa. Pangano la pakamwa limatha tsiku limene malata abedwa.

Gawo la mafumu

Chuma chenicheni cha ntchitoyi si yunifomu ai, koma munthu wovalayo. Wolemba alonda aone chiphaso cha unzika cha munthu aliyense, ndipo amtumize kupolisi kukadinda zala kuti zidziwike ngati anapalamulapo. Koma polisi idziwa okhawo amene anagwidwa. Amene adziwa mnyamata chibadwire ndinu mafumu ndi anyakwawa. Mudziwa amene anatolapo nkhuku ya mnzake, mudziwanso amene anasunga ng'ombe za atate ake osataya ndi imodzi yomwe.

Chifukwa chake, mwana akadza kudzapempha kalata ya umboni, musadinde chidindo chanu chifukwa cha chibale kapena mphatso. Kalata imodzi yabodza itsekera khomo anyamata onse a mudzi wanu. Mumfunsenso dzina la kampani ndi malipiro amene amulonjeza, kuti mwana wanu asakakhale miyezi osalandira kanthu.

Mlonda si wapolisi

Chomaliza ndi ichi, ndipo chimveke bwino. Mlonda akagwira mbala, lamulo limlola kuigwira, koma aipereke kupolisi msanga. Kumenya, kuzunza kapena kutentha munthu wogwidwa ndi mlandu waukulu, ndipo wochita zotere adzayankha yekha kubwalo la milandu. Mfuti siigwidwa popanda chilolezo cha boma. Chida chachikulu cha mlonda ndi maso, wenzulo ndi anansi odzuka akamva kulira kwake. Motero alonda anu adziwane ndi magulu a chitetezo cha m'dera amene amagwira ntchito pamodzi ndi apolisi, ndipo nambala ya polisi ikhale m'foni ya mlonda aliyense.

Alimi anzathu, musanathire ndalama za fodya m'ntchito imeneyi, khalani pansi ndi pensulo muwerengere. Mukaona kuti simungathe kulipira alonda anu tsiku lake mwezi ndi mwezi, ndi bwino ndalamazo zigule feteleza.