Droni iona munda, koma botolo la mankhwala mulisamale ndinu

Ngati mumalima mbatata ya kachewere kumapiri a kwa Dambe, kapena tomato m'madimba a m'mbali mwa Lisungwi, mukudziwa kuti masiku ano n'kovuta kukolola osagwirako sipuleya. Chiwawu, nsabwe ndi ntchemberezandonda sizichedwa kumaliza munda. Koma mankhwala omwe amapulumutsa mbewu ndi omwenso angadwalitse banja lanu, kupha njuchi ndi kuononga madzi. Zomwe zatsukidwa mu Lisungwi kapena mu Wamkulumadzi zimakathera mu Shire, momwe anthu ambiri amamwa ndi kupha nsomba.

N'chifukwa chake akatswiri akugwiritsa ntchito tindege topanda woyendetsa, totchedwa madroni, pofuna kudziwa msanga pomwe pali chiopsezo. Tindegeti si tachilendo m'dziko muno. Mu June 2017, boma ndi bungwe la UNICEF adatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu. Mu 2019 madroni adajambula madera omwe adasefukira madzi ku Nsanje, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kuwulutsa madroni ndi kumasulira zithunzi zake.

Nanga droni imaona chiyani m'munda? Tsamba lathanzi limabweza kuwala kwina komwe maso athu sakuona. Tsamba likayamba kufooka, kuwalako kumachepa, ndipo kamera yapadera imazindikira izi tsambalo lisanafike pochita chikasu. Chithunzi chimaonetsa mbali ya munda yomwe yavutika, monga pomwe mphepo idaulutsira mankhwala opha udzu kuchoka kwa mnansi, kapena pomwe mbozi zayambira. Mukadziwa malowo, mumapopera pokhapo m'malo mothira munda wonse. Ndalama zimapulumuka, ndipo poizoni wolowa m'nthaka amachepa.

Palinso timakina tonunkhiza mpweya woipa. M'mayiko ena timamangiriridwa pa droni n'kutumizidwa m'migodi ndi m'mafakitale momwe munthu sangalowe. Kwathu kuno chitsanzo chapafupi ndi mapiritsi ofukizira chimanga m'nyumba zikuluzikulu zosungira mbewu. Piritsilo likakumana ndi chinyezi limatulutsa mpweya wa phosphine, womwe umapha nankafumbwe komanso munthu. Akatswiri a ntchitoyi amayeza mpweyawu ndi kachipangizo asanalole anthu kulowa. Inu kachipangizoko mulibe, choncho musaike mapiritsiwa m'matumba a chimanga omwe ali m'nyumba yogona.

Dziwaninso malire a droni. Chithunzi chimangosonyeza kuti mbewu yafooka, koma sichinena ngati chafooketsa ndi mankhwala, ng'amba, kusowa kwa feteleza kapena matenda. Mlangizi amayenerabe kufika m'mundamo, ndipo madzi kapena dothi lokayikitsa limayezedwa ku labotale. Droni singaone botolo lomwe mwaika pafupi ndi ufa, kapena mwana yemwe akutungira madzi m'chigubu chomwe munali mankhwala. Ndi yodulanso, ndipo kuiwulutsa kumafuna maphunziro ndi chilolezo. Ngati mukuifuna, njira yake ndi kudzera m'kalabu kapena kopaletivi, pokambirana ndi alangizi a ku Neno kapena ku Lisungwi.

Pakalipano ntchito yozonda ili m'manja mwanu. Ntchemberezandonda zitavuta mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu December 2017, langizo lalikulu lidali loyendera munda kawirikawiri. Imani malo asanu osiyana m'munda, pamalo aliwonse onani mapesi 10, makamaka m'kati mwa nsonga. Mukapeza mbozi, funsani alangizi ngati zafika poyenera kupopera.

Pogula mankhwala, pitani kusitolo yovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Pewani othiridwa m'timabotolo topanda chizindikiro omwe amagulitsidwa pamsika, chifukwa simungadziwe mphamvu yake. Mzere wofiira pa botolo ukutanthauza kuti mankhwalawo ndi oopsa kwambiri. Werengani mlingo wake ndi masiku oyenera kudikira musanakolole.

Poperani m'mawa kapena madzulo kukakhala bata, mutavala magolovesi, majombo, zovala zofika m'manja ndi m'miyendo komanso chotseka pamphuno. Musadye kapena kusuta muli pantchitoyi. Botolo likatha, litsukeni katatu, madziwo muwathire mu sipuleya, kenaka liboleni kuti wina asasungiremo mchere kapena mafuta ophikira. Sipuleya musaitsukire mumtsinje kapena pamjigo.

Wina akayamba kumva mutu, kusanza, kutuluka thukuta ndi dovu lambiri kapena kuona mwachimbuuzi atapopera, mumuvule zovalazo, asambe ndi sopo, ndipo muthamangire naye kuchipatala cha boma ku Neno, cha Lisungwi kapena china chapafupi. Musamumwetse mkaka kapena kumukakamiza kusanza. Tengani botolo la mankhwalawo kuti adokotala adziwe chomwe akulimbana nacho.

Ndipo mukaona nsomba zitafa mumtsinje, kapena mbewu zitapserera mosadziwika bwino, dziwitsani alangizi ndi amfumu tsiku lomwelo, madziwo asanafike kwa anzanu a kumunsi.