Makadi a Tarot ndi Funso la Ntchito

Pa zinthu zimene zimasowetsa munthu tulo, nkhani ya ntchito ndi imodzi mwa zolemera kwambiri. Mnyamata amene wangotsiriza sukulu amadzifunsa kuti alowere kuti. Kalaliki amene watha zaka khumi pa mpando umodzi osakwezedwa amalingalira zosiya. Mayi amene wasunga kandalama pang'ono amalakalaka kuyamba malonda akeake, koma akakumbukira ana ndi lendi ya nyumba mtima umabwerera m'mbuyo. Onsewa amafuna chinthu chimodzi, ndicho wina woti awauze motsimikiza kuti njira yabwino ndi iyi, inayo ili ndi minga.

Kwathu kuno ena akathedwa nzeru chotere amapita kukaombeza ula. Ku Ulaya ndi ku America nakonso kuli maula akumeneko, ndipo wotchuka mwa iwo ndi wa makadi otchedwa tarot. Bungwe la Pew Research Center litafufuza m'chaka cha 2024 lidapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse a ku United States, 11 amafunsira ku makadiwa kamodzi kapena kuposerapo pa chaka. Masiku ano ula umenewu ukuyenda pa intaneti ndipo umalowa m'foni ya aliyense. N'chifukwa chake kuli koyenera kuti tiudziwe bwino, mwana wathu wina asanaupatse tsogolo lake kuti umusungire.

Tiyambe ndi kumene makadiwa adachokera. Mulu wathunthu uli ndi makadi 78. Mwa amenewa, 56 ndi abale a makadi a njuga amene timawadziwa: ali m'magulu anayi, la ndodo, la zikho, la malupanga ndi la makobiri, gulu lililonse makadi 14. Otsalawo, 22, ndiwo aakulu, ndipo ali ndi zithunzi monga Chitsiru, Mfumu, Chilungamo, Imfa, Nsanja, Mwezi ndi Dzuwa. Adayamba kuoneka ku Italy cha m'ma 1440, m'mizinda ya Milan, Ferrara ndi Florence. Mabanja olamulira a Visconti ndi Sforza a ku Milan ankalemba amisiri kuti awajambulire makadi opakidwa golide, ndipo ena mwa iwo akusungidwabe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Kwa zaka pafupifupi 300 makadiwa ankadziwika ngati a masewera, ndipotu mpaka lero ku France ndi ku Austria anthu amasewera nawo madzulo popanda kuganizako za ula.

Zinthu zidatembenuka m'chaka cha 1781, pamene Antoine Court de Gébelin, mbusa wokhala ku Paris, adalemba kuti zithunzizo ndi buku la nzeru zobisika za ansembe a ku Egypt wakale. Umboni analibe. Pa nthawiyo kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga malemba akale a ku Egypt, pakuti Jean-François Champollion adadzawamasula mu 1822, ndipo atamasulidwa sadapezeke akutchula za tarot. Koma nthano yokoma imayenda msanga kuposa choona. M'zaka zomwezo za m'ma 1780 munthu wina wa ku Paris komweko, Jean-Baptiste Alliette, amene adatembenuza dzina lake nadzitcha Etteilla, adasindikiza mabuku ophunzitsa kuombeza ndi makadi, nasandutsa kuombezako ntchito yodyerapo.

Makadi amene oombeza ambiri akugwiritsa ntchito lero adatuluka ku London m'chaka cha 1909. Adawakonza ndi Arthur Edward Waite, ndipo wojambula anali mayi waluso, Pamela Colman Smith. Kale makadi aang'ono ambiri ankangoonetsa chiwerengero cha zikho kapena malupanga, koma mayiyu adaika chithunzi cha moyo wa munthu pa khadi lililonse. Apa ndi pamene pagona mphamvu yake pa nkhani ya ntchito. Pa khadi la makobiri asanu ndi atatu pali mmisiri atakhala pa benchi, akusema kobiri limodzilimodzi mosatopa. Pa la makobiri atatu pali wosema miyala akukambirana ndi anthu awiri za mapulani a nyumba yopemphereramo. Pa la ndodo khumi pali munthu wawerama ndi mtolo umene wamutchinga ngakhale kumaso. Pa la zikho zisanu ndi zitatu pali munthu wafulatira zikho zake zoikidwa bwinobwino, akulowera kumapiri usiku. Pa la makobiri asanu pali amphawi awiri akudutsa m'chisanu kunja kwa zenera lowala. Ndani mwa ife amene wagwirapo ntchito yolembedwa sangadzione yekha m'chimodzi mwa zithunzi zimenezi?

Kaombezedwe kake n'kotere. Wofunsa amanena vuto lake, makadi amasakanizidwa, kenaka amatengapo angapo ndi kuwayala pa tebulo. Njira yapafupi ndi ya makadi atatu: loyamba la zakale, lachiwiri la zimene zilipo, lachitatu la kumene zinthu zikulowera. Ilipo ina ya makadi khumi yotchedwa Celtic Cross. Tiyerekeze kuti kalaliki wathu uja wafunsa ngati asiye ntchito, ndipo patuluka mmisiri wa pa benchi, munthu wa mtolo, ndi wofulatira zikho. Woombeza amuuza kuti wagwira ntchito mokhulupirika, tsopano watopa ndi katundu amene ena samuthandiza, ndipo mtima wake wayamba kale ulendo. Kalaliki adzatuluka m'nyumbamo ali kukamwa yasa, akudabwa kuti mapepala amudziwa bwanji.

Yankho la kudabwa kwakeko lidapezeka kale. M'chaka cha 1948 Bertram Forer, mphunzitsi wa za kaganizidwe ka munthu ku Los Angeles, adapatsa ophunzira ake 39 mafunso oyeza khalidwe. Patapita sabata adapereka kwa aliyense pepala, namuuza kuti limeneli likufotokoza za iye yekha. Adawapempha kuti apereke malikisi, kuyambira 0 mpaka 5, posonyeza m'mene pepalalo lalondolera. Malikisi apakati adakwana pafupifupi 4.3. Pamenepo ndi pamene adawaululira kuti onse adalandira mawu amodzimodzi, ndipo ambiri mwa mawuwo adawatola m'kabuku ka zopenda nyenyezi kogulitsidwa pa msewu. Anali mawu oti angakwane aliyense: kuti munthuyo amafuna kukondedwa, kuti ali ndi luso limene sadaligwiritsebe ntchito, kuti nthawi zina amakayika ngati adasankha bwino. Munthu akamva mawu otambalala chotere amawasoka yekha kuti amukwane, kenaka n'kuyamikira telala.

Masamu nawo ali ndi mawu ake. Kutenga makadi atatu motsatana pa mulu wa 78 kungatuluke m'njira 456,456 zosiyanasiyana, ndiko kuchulukitsa 78 ndi 77 ndi 76. Kalaliki akabwerera mawa ndi funso lomwelo, bwana wake ali yemweyo, malipiro ali omwewo, makadi adzatuluka ena. Akadakhala kuti adziwadi za ofesi yake, bwenzi akubwereza yankho la dzulo. Oombeza amati makadi asintha chifukwa mtima wa wofunsa wasintha. Komatu chida chimene sichingagwidwe kuti chalakwa sitingachitamenso kuti chalondola.

Tsono kodi titi onse ofunsira ku makadiwa ndi opusa? Iyayi, kutero kungakhale kuweruza mwaphuma. Pakati pa oombeza a masiku ano alipo amene amanena poyera kuti iwo salosera zam'tsogolo, koma amayala zithunzi kuti wofunsa alankhule. Pamenepa pali kanthu koona. Anthu ambiri amasunga nkhawa ya ntchito mumtima kwa zaka, osaiuza mkazi kapena mwamuna wawo poopa kudetsa nkhawa banja, osaiuza mnzawo wa mu ofesi poopa kuti ifika kwa bwana. Munthu wotere akaona chithunzi cha wosenza mtolo, mawu amene adawameza kalekale amatuluka okha: "Ndatopa." Wina akaona chithunzi chomwecho amati, "Ndatsala pang'ono kufika, mudzi ukuonekera apo." Chithunzi n'chimodzi, mayankho ndi awiri, ndipo lililonse lachokera mwa mwini wake. Khadi lagwira ntchito ya kalilole. Kalilole amakuonetsa nkhope imene wabwera nayo, koma za mvula ya mawa sadziwa kanthu.

Choopsa chimayamba pamene munthu aiwala kuti akuyang'ana pa kalilole. Chizindikiro chongochitika mwamwayi chili ndi mphamvu yokankha munthu amene waima pa mphambano. Steven Levitt, katswiri wa zachuma wa ku University of Chicago, adayesa zimenezi kuyambira mu 2013. Adapempha anthu amene ankalephera kusankha pa nkhani monga kusiya ntchito kapena kuyamba malonda kuti aponye kobiri pa intaneti, ndipo kobirilo lidaponyedwa koposa ka 20,000. Zotsatira zake, zimene adazitulutsa mu 2016, zidasonyeza kuti amene kobiri lidawauza kuti asinthe ankasinthadi mochuluka kuposa amene lidawauza kuti akhale. Zidasonyezanso kuti amene adasintha pa nkhani zikuluzikulu ankati ali okondwa kwambiri patapita miyezi isanu ndi umodzi. Levitt adaona kuti mwina anthu timachita mantha mopitirira muyeso posintha moyo wathu. Koma taonani mbali inayo: ngati kobiri lopanda chithunzi likhoza kukankha munthu, nanga bwanji khadi la Nsanja yoombedwa ndi mphenzi, anthu akugwa chamutu, litayalidwa ndi munthu wa mawu okoma amene wamulipira? Kobiri lija silidadziwe kuti uyu ali ndi ana asanu pa sukulu ndipo uyo ali yekha. Khadi nalonso silidziwa.

Palinso nkhani ya thumba. Amene amadya za kuombeza amapindula wofunsa akabwereranso, ndipo munthu wa nkhawa sachedwa kubwerera. Lero afunsa ngati alembe kalata yofunsira ntchito, mawa afunsa tsiku loitumiza, mkuja afunsa chifukwa chake sadamuyankhe. Mapeto ake mwendo wake wa kusankha umafota, monga umafotera mwendo umene suponda pansi. Boma la New York lidaona kuopsa kwake, kotero kuti m'malamulo ake ndi mlandu kulandira ndalama polangiza munthu za moyo wake ponena kuti uli ndi mphamvu zamatsenga, pokhapokha zikakhala za chionetsero chosangalatsa anthu. Za chimene mipingo ndi mizikiti imaphunzitsa pa kuombeza, wowerenga aliyense akudziwa za kwawo. Pano tikungoyeza ndi muyeso wa phindu ndi chitayiko.

Chaka chomwe chija cha 1909, pamene makadi a mayi Smith ankatuluka ku London, ku Boston kudatuluka buku lotchedwa Choosing a Vocation. Mlembi wake, Frank Parsons, ankadziwa kuwawa kwa kutha kwa ntchito. Adaphunzira za uinjiniya nalembedwa pa kampani ya njanji, koma kampaniyo idagwa m'mavuto a zachuma a 1873, iye n'kukagwira ntchito ya manja m'fakitale ya zitsulo. Pambuyo pake adakhala mphunzitsi, kenaka loya. Mu 1908 adatsegula ofesi yolangiza achinyamata za kusankha ntchito, ndipo adamwalira chaka chomwecho buku lake lisanasindikizidwe. Malangizo ake anali a mbali zitatu. Poyamba munthu adzidziwe yekha: luso lake, zokonda zake, zofooka zake ndi chuma chimene ali nacho. Kachiwiri adziwe ntchitoyo: zimene imafuna, malipiro ake, mwayi wake ndi zovuta zake. Kachitatu aike ziwirizi pamodzi ndi kulingalira mosadzinyenga.

Tikaika makadi pa sikelo ya Parsons, tiona kuti akathandiza kwambiri amangokhudza mbali yoyamba, ndipo pomwepo amangotsegula pakamwa. Pa mbali yachiwiri ali chete. Sangakuuzeni kuti maphunziro a unamwino amafuna magiredi otani, kuti kalata yanu ya ntchito ikuti mupereke chidziwitso cha masiku angati musanachoke, kuti penshoni yanu idzatani, kapena kuti mpamba wanu ungakusungeni miyezi ingati malonda asanayambe kubweza. Mayankho a mafunso amenewa ali kwa anthu: kwa mmisiri amene wakalamba pa ntchitoyo, kwa mnzanu amene adasiya ntchito nakumana nazo, kwa aphunzitsi, kwa a m'banja mwanu amene adzadya nanu phindu kapena njala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma sadanene kuti tizifunsa pepala.

Mayi Pamela Colman Smith, amene dzanja lake lidajambula makobiri onse aja a chuma ndi mwayi, adamwalira mu 1951 ku Bude, m'chigawo cha Cornwall, ali ndi ngongole, ndipo kwa zaka zambiri makadiwo ankatchedwa ndi maina a Waite ndi kampani yosindikiza ya Rider, lake osatchulidwa. Zithunzi zake n'zokongola ndipo zimanena zoona za kutopa, khama ndi mantha a munthu wa pa ntchito. Amene afuna kuziyang'ana aziyang'ane monga ayang'anira chithunzi chilichonse chabwino, amve chimene mtima wake wayankha, achilembe papepala. Akatero anyamuke, akafunse kwa odziwa, awerengetse ndalama zake, ndipo asankhe yekha, pakuti amene adzadzuke m'mawa uliwonse kupita ku ntchitoyo ndi iye mwini.

Sabata yamawa tidzakambirana mafunso amene wachinyamata ayenera kufunsa munthu amene akugwira kale ntchito imene iye akuilakalaka.